Ekala imodzi ya chakudya cha ng'ombe: chimanga, mapira, nkhungudzu, khobwe ndi kalongonda

Okutobala 2023

Ndili ndi ng'ombe ziwiri za mkaka, zonse makaladi a Friesian, ndipo zimadyera m'khola chifukwa kuno ku Chiradzulu malo odyetsera kunja kulibe. Imodzi ikukamidwa, inayo ndi yaing'ono, sinaberekepo. Vuto langa ndi la aliyense amene amapereka mkaka ku gulu lathu. Dzinja nsenjere imachita kutsala m'modyera, koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ng'ombe zimakhalira mapesi ndi madeya. Ng'ombe imene inkandipatsa malita 14 mu Juni pano ikupereka 7, ndipo nthiti zikuwerengeka.

Mapesi amakhutitsa, koma pa makilogalamu 100 a mapesi ouma mapuloteni amangokhala 4 kapena 5. Tizilombo tabwino ta m'chifu cha ng'ombe timafuna osachepera 7 kuti tigaye udzu bwinobwino, ndipo ng'ombe yokamidwa imafuna chakudya cha mapuloteni 12 kupita m'mwamba. Mbewu za gulu la nyemba zikadulidwa pa nthawi yake zimafika 15 mpaka 20. Alangizi athu a ziweto amati mapesi ndi nsima, masamba a nyemba ndiye ndiwo. Chomwe ndikufuna kudziwa ndi ichi: pa munda wanga, ndi dothi lathu lofiirali, ndi mbewu iti imene ingandipatse chakudya chochuluka, ndipo ndi iti imene mphamvu yake ingaonekere m'chigubu cha mkaka.

Ndabwereka ekala imodzi pa K60,000 ndipo ndaigawa panayi, gawo lililonse pafupifupi masikweya mita 1,000. Gawo loyamba chimanga chokha cha sayileji, chakudya cha ng'ombe chimene timaduladula chili chachiwisi n'kuchikwirira m'dzenje kuti chiwawase ndi kusungika. Lachiwiri mapira osakaniza ndi nkhungudzu, yomwe alangizi amaitcha lablab. Lachitatu nkhungudzu yokhayokha. Lachinayi ndalidula pakati, mbali ina khobwe, mbali ina chimanga ndi kalongonda. Aganyu olima mizere atenga K35,000, mizere yotalikirana masentimita 75. Ndagulanso sikelo yopachika ya K8,000, chifukwa maso amanama pa nkhani ya zokolola.

Novembala 2023

Kumayambiriro kwa mwezi uno kwacha yatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza wadumpha nthawi yomweyo. Maganizo anali ogula matumba awiri, koma ndangokwanitsa makilogalamu 25 a NPK ndi 25 a urea, zonse pamodzi K84,000. Ameneyu apita ku chimanga ndi ku mapira basi. Ku nkhungudzu ndi khobwe ndathira manyowa a m'khola owolerana bwino, palibe feteleza wa m'sitolo, popeza mbewu zimenezi zimadzipezera zokha nayitirojeni kudzera m'timibulu ta kumizu.

Mbewu ya chimanga makilogalamu 4 ndagula K20,000. Mapira ndasankha a makolo aataliatali aja, ochokera kwa achibale ku Chikwawa, osati a makono a mtundu wa Pilira, chifukwa ine ndikufuna phesi ndi masamba, njere ndi zapambali. Khobwe ndi wa mtundu wa Sudan 1. Kalongonda ndapeza kwa amayi ena a ku Mulanje amene amalima wakudya. Mbewu zitatu zimenezi zandidyera K6,000.

Yovuta kupeza inali nkhungudzu. M'masitolo a zaulimi a pafupi mulibe, ndachita kuigula kwa mlimi mnzanga, makilogalamu 4 pa K12,000. Njere zake ndi zosakanikirana, zina zakuda ngati za mtundu wa Highworth, zina zofiirira za mtundu wa Rongai, ndipo zambiri zili ndi mabowo a anankafumbwe. Ndakulunga njere 50 m'chiguduli chonyowa, zamera 31. Choncho ndidzabzala zitatu pa phando m'malo mwa ziwiri. Amene mukugula mbewu kwa anzanu musalumphe kuyesa kumeneku, n'kwaulere ndipo kumatha sabata imodzi.

Disembala 2023

Mvula yobzalira yachedwa ndipo ikugwa modumphadumpha. Pakati pa mwezi ndabzala chimanga njere imodzi pa phando, motalikirana masentimita 25. Mapira ndafesa m'kamzere pamwamba pa mzere, ndidzapatulira akamera. Nkhungudzu ya gawo lachitatu ndabzala tsiku lomwelo, mapando otalikirana masentimita 30.

Nkhungudzu ya m'mapira ndi kalongonda wa m'chimanga sindinabzale. Zonsezi zimayanga, ndipo zikayambira limodzi ndi mbewu inayo zimaikwera isanalimbe.

Januwale 2024

Mbozi zolowa m'nsonga ya chimanga, zija zinafika m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, zagwira gawo loyamba. Masamba ali mabowo okhaokha, m'nsonga muli utuchi. Mlungu woyamba tinkathira dothi losakaniza ndi phulusa m'nsonga ndi kuphwanya mazira ndi manja, zinachepako koma sizinathe. Ndapopera mankhwala a K9,000 madzulo, nthawi imene mbozi zimatuluka. Tsiku lopoperalo ndalilemba pa khoma la khola, chifukwa chimanga ichi chidzadyedwa ndi ng'ombe yokamidwa ndipo masiku olembedwa pa botolo ayenera kudutsa kaye. M'mapira mbozi zalowamo pang'ono, m'nkhungudzu mulibe.

Mapira atafika m'mawondo, patatha masabata anayi, ndabzala nkhungudzu m'mbali mwa mzere. Kalongonda ndabzala m'chimanga sabata yomweyo. Kupalira minda yonse kwatenga K30,000.

Nkhungudzu ya payokha ikuyenda pang'onopang'ono moti anthu odutsa akufunsa ngati yalephera. Ndi khalidwe lake, masabata oyambirira imakhala ikuzamitsa mizu, ndipo nthawi imeneyi udzu ukhoza kuipha ngati suipalira. Khobwe wathamanga, watseka kale mizere, koma nsabwe zakuda zaunjikana ku nsonga zake. Ndamwaza madzi a sopo, osati mankhwala.

Febuluwale 2024

Ng'amba. Mvula yadula pa nthawi imene chimanga chikumasula ngayaye, ndipo a zanyengo akuti ndi El Niño. Masamba a chimanga akupiringizika isanakwane 9 koloko m'mawa, a m'munsi ayamba kuuma. Ndevu zatuluka mochedwa, mungu utatha kale. Mapira aima kukula koma sanafote. Nkhungudzu ndiyo yadabwitsa mudzi: pamene zonse zikupsa, iyo yayamba kuyanga, yobiriwira, ndipo masamba amangogwa pang'ono masana n'kudzukanso madzulo.

Nsenjere ya ku dimba yachepa, ndipo mnyamata amene amandithandiza m'khola anafuna kumweta mapira kuti ng'ombe zidye. Ndamuletsa, ndipo apa ndikufuna aliyense amve. Mapira aang'ono, osafika masentimita 60, komanso mapira amene apsa ndi dzuwa kenaka n'kuphukira mvula itagwa, amakhala ndi poizoni amene amapha ng'ombe mofulumira kwambiri. Imapuma movutikira, kunjenjemera, kugwa. Mapira okhwima, oumitsidwa bwino kapena oikidwa m'dzenje la sayileji, poizoniyo amachepa. Chimanga chopsa ndi dzuwa chimene chinathiridwa urea nachonso chimasunga mchere woopsa wa feteleza m'munsi mwa phesi, makamaka masiku oyamba mvula ikabwerera. Ng'ombe zadya masamba a lukina ndi a gilisidiya ofotetsa, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, pamodzi ndi udzu wa m'mphepete mwa mtsinje.

Malichi 2024

Pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. M'chaka chotere nkhani yodula chimanga kupatsa ng'ombe si yapafupi. Mayi a kunyumba anandifunsa mosabisa kuti, "Bambo, anthu adzatiyesa otani tikamakwirira chimanga m'dzenje ana a anzathu akugona ndi njala?" Ananena zoona, ndipo ifenso nkhokwe yathu sikhala yodzaza. Tagwirizana kuti zisononkho zonse zimene zagwira njere tithyole tidye pakhomo ndi kugawira oyandikana nawo, ndipo dzenje lilandire mapesi aawisi ndi tizisononkho topanda kanthu. Izi zichepetsa mphamvu ya sayileji, chifukwa mphamvu yambiri ya sayileji ya chimanga imachokera ku njere. Ndiwonjezera madeya.

Kayezedwe kanga ndi aka. Pa gawo lililonse ndimasankha malo asanu, apakati ndi a m'mbali, osati okongola okha. Pa malo alionse ndimadula mamita 4 a mzere, omwe ndi masikweya mita 3, choncho malo asanu ndi 15. Ndimakweza pa sikelo zonse zili zaziwisi, kenaka ndimatapapo kilogalamu imodzi yodulidwa tizidutswa n'kuyanika mpaka itasiya kutsika kulemera. Zotsalazo ndiye chakudya chenicheni, zina zonse ndi madzi.

Chimanga chapereka makilogalamu 16.5 pa masikweya mita 15, kutanthauza pafupifupi 1,100 pa gawo lonse. Kilogalamu imodzi itauma yatsala magalamu 360, choncho chakudya chouma ndi pafupifupi makilogalamu 400. Ndayesanso nsenjere yanthete ya ku dimba pofuna kuyerekeza: kilogalamu imodzi yatsala magalamu 170. Mtolo waukulu umene timabwera nawo titapindika msana, gawo lalikulu ndi madzi. Ng'ombe ya makilogalamu 400 imafuna chakudya chouma cha pakati pa makilogalamu 10 ndi 12 patsiku, ndiye werengani nokha mitolo ya nsenjere yanthete imene ikufunika.

Dzenje loyamba takumba pamalo otsetsereka kuti madzi asamaime, mamita 2 m'litali, 1 m'lifupi, 1 kuya. Pulasitiki wakuda wochindikala wa maenje awiri ndagula K32,000. Chimanga tadula m'mwamba, kusiya chitsa cha masentimita 25 chifukwa cha mchere uja. Kuduladula ndi zikwanje pa chipika. Pa makilogalamu 100 alionse ndawaza madeya makilogalamu 4. Molasi, madzi otsekemera otsala popanga shuga, akanakhala bwino koposa, koma kuchokera ku Nchalo kufika kuno pa kachigubu kamodzi mtengo wa ulendo ukuposa katundu. Kutsendera takhala tikupondaponda ndi mapazi ndi kugubuduza mgolo wodzaza madzi.

Chimene chavuta ndi kaduledwe. Aganyu akatopa zidutswa zimatalika, zina kufika chikhatho chonse, pamene zimafunika masentimita 2 kapena 3. Zidutswa zazitali sizitsendereka, zimasiya mpweya, ndipo mpweya ndiwo umawoletsa sayileji. Ndinasintha malipiro, m'malo molipira pa mulu ndinalipira pa tsiku, ndipo ndinaika munthu mmodzi wonola zikwanje basi. Zidutswa zinafupika.

Epulo 2024

Mapira ndi nkhungudzu: makilogalamu 31 pa masikweya mita 15, pafupifupi 2,000 pa gawo lonse, ndipo kilogalamu imodzi yatsala magalamu 310. Chakudya chouma choposa makilogalamu 600, pa malo ofanana ndi a chimanga ndiponso ndi feteleza wochepa. Ndadula njere za mapira zikadali zofewa, zotuluka phala ukazifinya, chifukwa mpheta zinayamba kale kudya.

Dzenje lachiwiri ndi la mamita 3 m'litali, 1.2 m'lifupi, 1 kuya. Nkhungudzu yokha sayileji wake sachita bwino, ilibe shuga wokwanira woti iwawase ndipo imangonunkha. Ikasakanizidwa ndi mapira zimayenda. Ndafinya chodzaza dzanja, madzi anadontha, choncho tinaisiya ifote theka la tsiku tisanaiponye m'dzenje. Zingwe zake zimakola chikwanje ndipo ntchito yalowa tsiku lachiwiri. Usiku tinafundika pulasitiki ndi kutsindika miyala, m'mawa pamwamba panali potentha ndithu, koma titapitiriza kutsendera tinatseka madzulo ndi dothi lochindikala chikhatho ndi theka. Aganyu a maenje onse awiri K45,000, madeya K30,000.

Khobwe wandikhumudwitsa ngati chakudya cha ng'ombe. Tathyola nyemba zokwana ndowa imodzi ndi theka, zomwe chaka chino ndi chuma, koma podikira kuti nyemba zikhwime masamba ambiri anayoyoka. Masangwi ouma angokwana makilogalamu 70 pa theka la gawo. Sudan 1 ndi wa nyemba, ndipo pa khobwe mmodzi sungapeze zonse ziwiri mokwanira.

Kalongonda wagwetsa chimanga ngakhale ndinachedwetsa kumubzala, popeza chimangacho chinali chofooka kale ndi dzuwa. Wayanga mokongola, wapha udzu wonse. Ng'ombe zinamukana ali muwisi, zinayamba kudya nditamufotetsa ndi kusakaniza ndi mapesi. Njere zake sindikupatsa ng'ombe, ndasunga za mbewu.

Meyi ndi Juni 2024

Apa ndiye pali phunziro lalikulu la ntchito yonse, choncho ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Nkhungudzu ya payokha yapereka makilogalamu 24 pa masikweya mita 15, pafupifupi 1,600 yaiwisi, ndipo kilogalamu imodzi yatsala magalamu 220. Youma ndi pafupifupi makilogalamu 350, kuchepera chimanga pa sikelo. Koma tikatenga manambala odziwika a mapuloteni, 7 pa 100 kwa chimanga chotere ndi 17 pa 100 kwa nkhungudzu, chimanga chandipatsa mapuloteni okwana makilogalamu 28, nkhungudzu pafupifupi 60. Gawo limene silinaone feteleza, mankhwala kapena pulasitiki laposa kawiri gawo limene linadya ndalama zambiri.

Nthawi yabwino yodula ndi pamene maluwa angoyamba. Mbewu yosakanikirana ija yandisokoneza apa, chifukwa ya maluwa ofiirira inamasula msanga pamene ya maluwa oyera inali isanaganize n'komwe. Ndadula m'magawo awiri, kusiya chitsa cha masentimita 25 mpaka 30 kuti iphukirenso. Mizere isanu ya kumapeto ndaisiya ya mbewu, ndipo ndamanga tizingwe pa mitengo ya maluwa oyera kuti chaka chamawa mitundu ikhale yosiyana.

Nkhungudzu yodulidwa koyamba inakhala padzuwa masiku atatu monga timachitira ndi udzu. Titabwera kudzanyamula masana, masamba ankangofumbutuka m'manja, m'munda munatsala masamba, ife n'kusenza zingwe. Mapuloteni a nkhungudzu ali m'masamba, kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi zingwe zake, choncho wosenza zingwe zokha wasenza chinthu chosasiyana kwenikweni ndi mapesi. Tinasesa masamba amene tinatha kusesa n'kuika m'matumba. Pa yodulidwa kachiwiri tinasintha: tsiku limodzi lokha padzuwa, kunyamula m'mamawa mame asanaume, kuyala pa thandala pansi pa chisakasa, pansi pake titayala matumba osoka pamodzi kuti tiwole masamba ogwa, ndi kutembenuza kamodzi patsiku. Imeneyi yauma ili yobiriwira, ya fungo labwino. Mitengo ndi udzu wa chisakasa K10,000.

Kenaka chiperoni. Amene muli ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre mukudziwa kuti Juni amabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza ya masiku angapo. Mbali ya chisakasa yoyang'ana kumene mphepo imachokera inali yosatchinga, mulu wa mbali imeneyo unanyowa ndipo mkati munachita chuku choyera. Ndataya pafupifupi makilogalamu 60 ku dzenje la manyowa. Chakudya cha chuku sindipatsa ng'ombe ngakhale pang'ono, poizoni wake amadutsa mpaka mu mkaka umene ana amamwa. Ndatchinga mbali imeneyo ndi mphasa zakale, ndipo yotsalayo tamanga mabelo pogwiritsa ntchito bokosi la matabwa ndi luzi.

Ng'ombe yaikulu yabereka kumapeto kwa Juni, thole lamphongo.

Julayi ndi Ogasiti 2024

Nkhungudzu yaphukiranso popanda mvula. Si yambiri, koma m'Julayi ndakhala ndikumweta yaiwisi tsiku lililonse, kuifotetsa maola angapo ndi kusakaniza ndi mapesi kuti ng'ombe isatupe mimba.

Dzenje la chimanga tatsegula kumayambiriro kwa Ogasiti. Mkati ndi mwachikasu mobiriwirako, fungo lowawasa bwino. Kona imodzi makoswe anaboola pulasitiki ndipo pamenepo pawola, pakuda. Pamodzi ndi zowola za pamwamba ndataya pafupifupi makilogalamu 150. Dzenje lachiwiri ndalizungulira ndi kangalande, ndalambula udzu wonse m'mbali ndipo ndimayendera sabata iliyonse kumata ming'alu.

Ng'ombe zinanyinyirika masiku oyamba, ndinayamba ndi pang'ono posakaniza ndi madeya. Ndimatapa kuchokera mbali imodzi, kubwezeretsa pulasitiki nthawi yomweyo, ndipo ndimapereka sayileji ndikatha kukama, osati ndisanakame, kuti fungo lisalowe mu mkaka.

Seputembala ndi Okutobala 2024

Ng'ombe yokamidwa ikudya patsiku sayileji makilogalamu 20, nkhungudzu youma 3, madeya 3, mchere wa ziweto, ndi madzi osatha m'chomwera. Yaing'ono ija ikulandira sayileji 12, nkhungudzu 1 ndi mapesi. Mkaka uli pa malita 11 mpaka 12, pamene chaka chatha mwezi ngati uno unali 7. Chaka chino yabereka mochedwerako pang'ono, choncho sindingaike kusiyana konseko pa chakudya. Pofuna kutsimikiza ndinachotsa nkhungudzu kwa sabata imodzi n'kuika mapesi olemera chimodzimodzi. Mkaka unatsika ndi malita 2 ndipo mapesi ankatsala m'modyera. Nditabwezeretsa unakweranso m'masiku ochepa. Titamaliza dzenje la chimanga n'kulowa la mapira ndi nkhungudzu, mkaka unakwera ndi lita imodzi popanda kusintha china chilichonse.

Ng'ombe yaonetsa zofuna nkhunzi mu Seputembala ndipo yapatsidwa umuna. Kwa mlimi wa mkaka chimenechi ndi chachikulu kuposa malita awiri kapena atatu, chifukwa ng'ombe yochedwa kutenga bere imadya miyezi yambiri osabweza kanthu.

Ndalama zonse zalowa ndi pafupifupi K380,000. Mkaka woonjezera pa miyezi itatu ndi malita pafupifupi 400, ndipo pa mtengo umene timalandira ku gulu wabweza mwina theka la ndalamazo. Theka linalo lili m'mapesi ndi udzu umene sindinagule m'chaka chimene mapesi anali osowa, m'khobwe ndi chimanga chimene tinadya, m'mbewu ya nkhungudzu makilogalamu 14 imene ndakolola, ndi m'bere la ng'ombe. Chimanga cha sayileji ndicho chadya zambiri n'kubweza zochepa. Chaka cha mvula yabwino chikanachita bwino kuposa apa, koma pa munda wobwereka ndi feteleza wa mtengo uno sindibwerezanso.

Novembala 2024

Munda womwewo ndabwerekanso. Magawo awiri apita ku mapira ndi nkhungudzu, ndipo mapira ndiwabzala pamene panali nkhungudzu ndi kalongonda kuti adye chonde chimene zinasiya. Gawo limodzi ndi theka nkhungudzu yokha ya maluwa oyera, chifukwa imachedwa kumasula ndipo imapereka masamba ambiri. Theka lotsala khobwe wa pakhomo. Kalongonda ndamusamutsira ku kamunda kotopa ka kuseri kwa nyumba, payekha. Alimi atatu a m'gulu lathu atenga mbewu ya nkhungudzu, adzabweza akakolola, ndipo tikukambirana zosonkherana kuti tibwereke makina odulira a injini pa nthawi ya sayileji. Mizere yatha, chisakasa ndachitchinga mbali zitatu, ndipo njere 50 za mbewu ya chaka chino zamera 46.